Mlandu wa Masamba a Nthochi

Kwa Olemekezeka a Pampando,
Bwalo Loweruza Magulu a Ophunzira.

Bwana, pepani kuti ndakulemberani. Ndine Yesenia Xol, ndimakugawirani chakudya ku kantini ya koleji. Nkhope yanga simuidziwa, poti inu mumayang'ana mbale. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndikalakwitsa mundikhululukire.

Mlongo wanga Wilmer amatsogolera kagulu ka ophunzira aamuna achilatino, a kwathu ku Latin America, kaja kopanda nyumba yakeyake pa koleji. Mwamupeza wolakwa pa mlandu wozunza mamembala atsopano, ndipo apilo yake ikakanika Lachisanu, achotsedwa sukulu. Ine ndalemba kuti ndithokoze.

1. Zikomo potitsegula maso. Kwathu Khirisimasi ikayandikira, aliyense wolowa m'nyumba amapatsidwa masamba a nthochi kuti akulunge matamale, chakudya chathu cha ufa wa chimanga ndi nyama, ngakhale wansembe. Sitinkadziwa kuti ndi nkhanza. Anyamata atsopanowo anakulungadi Loweruka lonse m'khitchini mwa amayi. Nzoonanso kuti mmodzi, Brayan, analira. Amayi anali atamuuza kuti mwana iwe, wagwira tsabola, usadzitikite m'maso, iye osamva. Pochoka Brayan ananyamula mphika wa zotsala, ndipo sanaubwezebe.

2. Zikomo potiphunzitsa kusiyanitsa zinthu. Anyamata a gulu la ku Nyumba ya Mikango, ya zipilala zoyera ija, anaponya atsopano awo m'dziwe la abakha mu Januwale, chisanu chili pachimake, atavala makabudula amkati okha. Wina anapita ndi ambulansi milomo itachita bii. Bwalo lanu linati umenewo ndi mwambo wakale, n'kuwalamula kuonera kanema wa chitetezo. Ndamva kuti anaonera mpaka kumapeto. Mulungu awalimbitse mtima.

3. Ndathokozanso mpando umene munapatsa magulu opanda nyumba m'bwalo lanu, uja wa pafupi ndi chitseko, wopanda voti. Mphepo imafikapo bwino.

4. Anthu amanena kuti inuyo ndinu wa ku Mikango. Wilmer akuti musanayambe kuweruza munavula mphete ya gulu lanu n'kuiika m'thumba, kuti onse aone kuti simukondera. Zinandikhudza kwambiri. Nanenso ndikaweruka ndimavula epuloni, koma m'basi anthu amadziwabe kuti tinakazinga nsomba.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikulemba nkhope ili pansi. Mayi Loretta, amene amaphika nafe, amati mwana wa ku Mikango sachotsedwa sukulu chifukwa maina a agogo ake ali pa makoma a koleji. Ine miseche sindiikonda. Koma ngati lamulo lake ndi limenelo, bambo athu ndi mmisiri wa miyala. Amasema zilembo zowongoka bwino, dzina lathu n'lalifupi, ndipo zipangizo ali nazo zawo. Chonde mutilozere khoma lisanafike Lachisanu.

Ndine wanu wogwira chipande,
Yesenia Xol