Lole Yanga Yoyeserera

Mpaka lero amayi a kuno kwa Mphuka akandiona amati, "Awo akubwera, eni lole." Ndinadziputa ndekha.

Mwana wanga Esinati amagwira ntchito ya makompyuta ku ofesi ya esiteti. Chaka chimenecho ankakonza zoti lole yotenga tiyi ikanyamuka, uthenga uzifika wokha pamafoni a alimi. Loweruka lina ndinamupeza pakhonde akumwetulira kompyuta.

"Ukuseka ndi ndani, iwe?"

"Ndikuyesa, amayi. Lole yeniyeni imabwera nthawi yake, sindingaidikire. Ndiye ndaumba yabodza m'katimu. Ndimaiuza kuti inyamuke, kenako ndimaona ngati oyenera kuyankha ayankhadi."

Ine sukulu ndinangoiona denga, koma izi zinandilowa (mwina zinalowa mopitirira). Ifenso tinali ndi dongosolo lathu. Adalaivala akandiflasha m'mawa, ine ndinkaflasha aNambewe, iwo n'kukuwira anzathu, tonse n'kulowa m'minda kukathyola. Koma kodi onse ankadzukadi? Ndinati nanenso ndiyese.

Lolemba kutangocha ndinadina batani lobiriwira la pafoni yanga, kuflasha aNambewe. Adalaivala anali asanandiflashe, kaya anali kuti. Ndiye mayesowo anayenda bwino zedi, ndipo vuto linali lomwelo. Dzuwa lisanafike pamutu madengu anali ndandanda pashedi pomwe lole imanyamulira tiyi, langa lili kutsogolo (manyazi anandithyoletsa nawo).

Tinadikira. Masamba anayamba kufota, apansi kutentha, ena kufiira.

"Asisi, anakuflashanidi adalaivala?" anafunsa aNambewe.

"Inali yoyeserera."

"Yoyeserera chiyani?"

"Lole."

"Ooh! Nanga masambawa, nawonso ngoyeserera? Msana wangawu ngoyeserera?"

Ndinaimbira Esinati. Anapempha mabwana ake, thirakitala inabwera chakumadzulo, koma kalaliki anakankhira pambali masamba onse ofiira. Mulu wake unandifika m'mawondo.

"Amayi," anatero Esinati titaonana, misozi ya kuseka ili mbwee, "poyesa zonse zimakhala zabodza. Lole yabodza, foni yabodza, alimi omwe abodza. Inu mwaikamo anthu enieni!"

Akanandiuza Loweruka lomwe lija. Sabata yonse ndinapalira minda ya anzanga, iwo atakhala pamthunzi akundifunsa ngati khasulo ndi lenileni.

Ndinalapa, ee. Komabe mayeso anga anagwira cholakwa chimodzi. Mudzi wonse unayankha, kupatula amuna anga. Iwo anatulukira pashedi Lachiwiri, dengu lili kumsana, akufunsa ngati lole yapita. Amenewo okha ndidzawayesanso.