Mphuno ya Azakhali Asiyatu

Lolemba
Mayi oyendetsa loji ina ku Ngala avomera: Loweruka kukubwera alendo, khoma limodzi ndi langa, lopachikapo chithunzi. Zaka zonsezi anthu akhala akunena kuti ndimangoseweretsa mapepala. Aone tsopano! Ndikupanga chithunzi chachikulu cha Azakhali Asiyatu akupeta mpunga, chomata zidutswa, utoto pamwamba. Zofunika: nyuzipepala zakale, matumba a simenti, zigamba za kwa telala, mankhusu a mpunga. Guluu kuboma wasowa. Ndiphika wanga ndi ufa wa kondowole.

Lachiwiri
Zidutswa zabuluu za mpango wa Azakhali, zomwe ndakhala ndikudula kuyambira dzulo, palibe! Apongozi ayatsira mbaula. "Ndimayesa zinyalala, mwanangu." Zinyalala zosanjidwa m'mbale, mtundu ndi mtundu? Tiyi wake ndamwa nawo osadziwa.

Lachitatu
Guluu wagwira bwino. Mphemvu nazo zamukonda. Zadya tsaya lamanzere ndi theka la lichero. Abambo akunyumba akuti, "Ndiye kuti n'chokoma." Sindikuwayankhula.

Lachinayi
Azakhali abwera kudzadziona. Ayang'ana nthawi yaitali. Mphuno ndinaidula pa chithunzi cha lole m'nyuzipepala, chifukwa cha mtundu wake basi.
"Iwe, ndinakubereka kumsana ine. Lero ukundiika tayala pankhope?"
Ndikufotokoza za kuwala ndi mthunzi, iwo akufunafuna nsapato. Achoka osamwa ndi madzi omwe. Pofika masana mudzi wonse wamva. Anthu asanu ndi mmodzi abwera kudzaona tayala. Palibe wafunsa za chithunzi!

Lachisanu
Ndamatula mphuno, pepala labooka. Ndamata ina, ndapaka utoto, ndayanika pakhonde, miyala inayi m'makona. Anthu ali kumzikiti, mphepo ya mwera yayamba. Chithunzi ndakachipeza m'munda wa chinangwa wa aneba, mbuzi itaimapo. Miyala ili pomwepo, yonse inayi, ngati sinalakwe kanthu.

Loweruka
Minibasi ya ku Dwangwa. Ndikuti ndichinyamula pamiyendo, kondakitala akuti chikutchinga galasi. Achiika kumbuyo. Panjira wina wakwera ndi ndowa ya usipa wauwisi, ndipo ndowa yapeza malo pamwamba pa Azakhali. Ndakuwa, kondakitala akuti, "Amayi, si pepala lokha ili?" Pepala lokha!
Pofika ku Ngala buluu watsikira kuchibwano. Mayi a loji amva fungo asanaone nkhope. "N'chokongola ndithu, komatu alendo amadyera pompano." Pakhoma langa apachika mphasa yogula pamsewu. Amphaka awiri andiperekeza mpaka pasiteji.

Lamulungu
Chili kuseri kwa bafa, chikuuma. Ntchentche zokha ndizo zikubwera mwaunyinji. Azakhali atumiza uthenga: akhululuka, bola ndisawajambulenso ali moyo. Aneba abwera kudzabwereka sizasi yanga yodulira mapepala, akufuna kumeta bambo awo odwala. Ndawapatsa. Ndawauza kuti asafulumire kubweza.