Tsiku limene anyani a ku Michesi anandikweza mumtengo

Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo, azimayi amayamba kudzikanda m'mikono kwinaku akuyang'ana kumbali. Ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, ena asanakuuzeni mokometsera.

Ine ndine mkamwini m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Michesi. Munda wathu uli kumtunda, pamene kale panali nkhalango. Apongozi anga aakazi amati pa utsikana wawo anyani sankatsika, ankakhuta masuku m'phiri momwemo. Mitengo itatha ndi makala (musandifunse amene anawotcha ena mwa matumbawo), anyani anatembenukira ku chimanga chathu.

Chaka china mkazi wanga ndiye ankalondera, ndipo ankabwerako akudandaula kuti anyaniwo sakumumvera. Ine ndinamuuza kuti nyani saopa munthu wovala chitenje, ntchitoyi imafuna mwamuna. Sanatsutse. Anangondipatsa chigubu ndi legeni, n'kundifunira ulendo wabwino.

Anyani anatsika dzuwa litakwera, gulu lonse. Ndinamenya chigubu mwamphamvu, ang'onoang'ono n'kubalalika. Koma chimphongo china chinakhala pansi n'kumasenda chimanga mosapupuluma, chikundiyang'ana ngati ndabwera kudzachiimbira. Zinandipweteka. Ndinakoka legeni, mwala n'kuchipeza paphewa.

Chinaimirira, n'kuyasamula. Mano ake ndinawaona bwinobwino.

Ndinataya zonse n'kukwera mtengo wa mango, wokhawo umene unatsala m'mundamo (inde, ndinathawa nyani pokwera mtengo, ndipo sukulu ndinapitako ndithu). Nditaona kuti mnzangayo akukweranso, ndinadumphira mbali ina n'kugwera pachitsamba. Chitsambacho chinali chitayangidwa ndi chitedze.

Amene chinawayabwapo akudziwa. Ndinayamba ndi kuvula shati, kenako thalauza, kenako ndinali kugubuduka m'mizere ndikudzikhula ndi dothi. Nditadzutsa mutu, panjira panali pataima azimayi ochokera ku nkhuni, ndipo patsogolo pawo panali apongozi anga.

Mwaulemu wawo apongoziwo anatembenuka n'kundipatsa msana. Kenako anafunsa kuti, "Bambo a Esinati, anyaniwo ndi amene akuvulani?"

"Ayi mayi, ndikuwaopseza."

Anandiuza kuti ndayesetsa, koma anyaniwo ali kumunsi kwa munda akukolola. Kenako anamasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera chakumbuyo. Ndinalowa nacho m'mudzi masana, aliyense ali pakhonde.

Chimanga chinatha pafupifupi theka, ndipo chaka chimenecho tinadalira chinangwa cha apongozi omwewo. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti kumtunda ndisamapitenso ndekha.

Ndinaphunzira kuti chilombo chanjala sachiputa ndi kamwala. Masiku ano anandipatsa ntchito yolondera nandolo wa kuseri kwa nyumba kuti mbuzi zisadye. Vuto ndi lakuti nazonso zayamba kundizolowera.