Ndasamuka Chifukwa cha Dzina

Lolemba
Ndikusamuka! Pa seva yakaleyi ya macheza a pa intaneti ndine @mphunzitsi47, ngati ng'ombe ya kudibi. Dzina loti @mphunzitsi analitenga kale bambo wina wa ku Champiti. Ndapeza seva ina, ya anthu ophunzira, kumene dzinali lilibe mwini. Adiresi ya munthu imakhala pawiri: dzina lako, kenako seva imene ukukhala. Maseva amatumizirana mauthenga, ndiye sinditaya munthu. Makamaka Tadala, namwino wa ku Kasinje, amene timacheza pa seva yakaleyi. Nambala ya foni anandimana: "Amalume akuoneni kaye." Sabata ino andiuza tsiku lokaonekera kwa amalumewo. Ndamutsanzika monyadira kuti tsopano ndine @mphunzitsi basi.

Lachiwiri
Zasamuka: onditsatira angapo. Zatsala: zolemba zanga zonse, nthabwala zanga, ndi Tadala. Mwina makina akuchedwa. Ndikuikapo chithunzi changa cha gauni la ku yunivesite.

Lachitatu
Ndikumulembera Tadala, adiresi yake yonse bwinobwino. Zii. Ndikulembanso. Zii! Anamwino ndi anthu otanganidwa.

Lachinayi
Fostino, mnzanga wophunzitsa ku Nzama, adakali pa seva yakale. Akuseka pa foni: "Achimwene, seva yanuyo kuno anaitsekera kunja kalekale. Ophunzira anuwo amatukwana." Ndiye kuti mauthenga anga onse akufera panjira. Ndikuyesa kubwerera ku akaunti yakale. Pasiwedi ndaiwala. Yatsopano akuitumiza ku imelo ya ku yunivesite, imene anatseka nditangomaliza maphunziro.

Lachisanu
Fostino wanditumizira chithunzi cha zimene Tadala walemba: "@mphunzitsi mubwere mawa kwathu, amalume asiya mpunga wawo kudambo chifukwa cha inu." Sanaikepo seva. Ukalemba dzina lokha, uthenga umapita kwa mwini dzinalo pa seva yako yomweyo. Bambo wa ku Champiti uja wayankha kale: "Zikomo mayi, ndifika. Mundilongosolere njira kumbali." Mayo ine! Fostino akuti za ukwati wa eni salowererapo.

Loweruka
Jekete, nsapato zopolisha, kabaza mpaka ku Kasinje. Kwawo kwa Tadala sindikudziwa. Kuchipatala akuti lero akupuma. Mnzake akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Mukuti ndinu bwenzi lake, koma nambala mulibe, mudzi simukuudziwa? Pepani bambo." Ndikubwerera, fumbi mpaka m'makutu.

Lamulungu
Nkhani yabwera ndi Fostino. Wa ku Champiti anapitadi. Tadala anadabwa, koma mlendo sabwezedwa pakhomo amalume ali pampando. Mlendoyo mkazi wake anamwalira, ndi waulemu, ndipo bambo ake ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ngati amalumewo. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Tadala walemba kuti munthu amene iye anamuitana uja anathawa, ndipo sadzamufunanso. Ndingatsegule akaunti ina n'kufotokoza, koma ndikanena kuti chiyani? Kuti ndinamusiya chifukwa cha manambala awiri? Amalume akuti bamboyo abwerenso ndi akwawo.