Tsiku limene ndinagwadira bini ku Seven Corners

Mpaka lero tikamadutsa ku Seven Corners mwana wanga Tadala amandiyang'ana cham'mbali n'kuyamba kumwetulira, ine maso tong'o pamsewu. Kumeneko kuli kasitolo kena komwe sindinapondemonso phazi, ngakhale mwini wake sanandithamangitse.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 2000. Tinkakhala ku America, ku Hyattsville, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Germantown, mashifiti otsatizana. Tadala anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chichewa ankamva bwinobwino, koma ukamufunsa kanthu ankayankha m'Chingerezi, mawu awiri basi. Ndikayamba nkhani za kumudzi ankayasamula. Imodzi yokha ndiyo ankaitchera khutu, ya Kadazi.

Kadazi inali gemu yomwe tinkasewera ku Ndirande, kuseri kwa malo ometera a bambo Jumbe, nthawi imene ndinangomaliza Fomu 4 n'kumasowa chochita. Mawu onse a mugemumo anali a Chijapani, ndiye dzina tinachita kupereka tokha. Kamunthu kake kanali kadazi, kovala mkanjo, konyamula ndodo, ndipo kankadya timibulu toyera tomwe ife tinkati ndi mandasi osapsa. Pagawo lachitatu panali kafano kamwala. Ukamugwaditsa Kadazi patsogolo pake n'kuwerenga mpaka faifi, ankalandira miyoyo itatu. Chinsinsi chimenechi ndinachitulukira ndine. (Chabwino, anandiuza msuweni wanga, koma anali atasamukira ku Mzuzu.)

Tsiku lina Tadala anandifunsa ngati Kadaziyo analikodi, kapena ndi nkhani ngati ija yoti ndinkayenda mtunda wa maola awiri popita kusukulu. Zinandipweteka kwambiri. (Sukuluyo inali pafupi ndithu, koma Kadazi anali weniweni.) Ndinaona kuti akasiya kukhulupirira imeneyi, ndiye kuti ine ndi iye tatsala ndi nkhani za homuweki zokha.

Loweruka lotsatira tinakwera galimoto mpaka ku Seven Corners, ku Virginia, kusitolo yogulitsa magemu akale. Mwini wake anali mzungu wandevu zaimvi, wosathamanga polankhula. Dzina loti Kadazi sanalidziwe, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinamufotokozera za mkanjo, za ndodo, mpaka ndinanyonyomala pakati pa sitolo kuonetsa kagwadidwe kake. Tadala anasendera kutali ngati wabwera yekha. Nditang'ung'udza nyimbo ya gemuyo, mkuluyo anagwedeza mutu n'kulowa kuseri.

Anabwera ndi katiriji yaikulu yotuwa, chibokosi chija cholowetsa m'makina a gemu. Pachithunzi panali chimunthu chamatupi, tsitsi lachikasu, magalasi akuda, chitanyamula chibonga. Dzina linali la Chingerezi.

"Si ameneyu," ndinatero.

"Ndi yemweyo," iye anati. "Yesani muone."

Analumikiza makina ku TV ya pakauntala, makasitomala angapo n'kusendera pafupi. Nyimbo itangoyamba ndinaizindikira. Inali yomweyo ndithu, kungoti inkathamanga ngati kwaya yomwe yamva kuti basi ikunyamuka. Zala zanga zinkafika mochedwa paliponse. Ndikati ndidumphe, ndagwera kale m'dzenje. Mandasi aja anali atasanduka mabaga. Ndinafika pagawo lachitatu mokwawa, ndi moyo umodzi wokha, malaya atanyowa.

Pamalo pa kafano paja panali bini ya zinyalala.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kufunsa. Ine ndinatembenukira kwa Tadala n'kunena kuti, "Tsopano yang'anitsitsa, mwana iwe." Ndinachigwaditsa chimunthu chija patsogolo pa bini n'kuyamba kuwerenga mokweza. Ndinafika pa faifi, palibe chachitika. Ndinati mwina kuno ku America amafuna teni. Ndili pa eyiti kunatulukira galu, n'kuchiluma kumbuyo chikugwadabe. Gemu inathera pomwepo.

Wina kumbuyo anatsokomola. Tadala anali atazolika.

Manyazi akandigwira ine amasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo ukabwera Chingerezi chimandithawa. Ndinamuuza mkuluyo, theka m'Chichewa, kuti gemu yakeyo ndi yabodza, yokopera, kuti yeniyeni ndinaisewera ineyo ndi manja angawa, ndipo asamapusitse anthu masana dzuwa likuswa mtengo. Chala ndinali nditaloza kumwamba.

Anandidikira mpaka ndinamaliza.

"Katiriji yanuyo inali yamtundu wanji?"

"Yachikasu."

"Munali magemu angati?"

"Pamwamba analemba kuti handiredi." (Analimo asanu, ongobwerezabwereza.)

"Dzina la kampani linalipo?"

Ndinaganiza. Panali chithunzi cha ndege yankhondo basi, ndipo mugemumo munalibe ndege.

Pamenepo anandifotokozera mofatsa, Tadala akundibwerezera pomwe sindinamve, kuti yokopera inali yangayo. Anthu ena anakopera gemu ya ku Japan n'kuitumiza kwathu momwe inalili. Eni ake enieni poibweretsa ku America anaisintha dala. Kafano anachotsa chifukwa sankafuna zachipembedzo m'magemu a ana, timibulu tija, tomwe tinali tampunga, anati ana a kuno satidziwa, ndipo kamunthu kadazi anati sikangagulitse malonda. Anawonjezanso kuti makina ambiri opita kumaiko athu ankayendetsa magemu pang'onopang'ono kuti agwirizane ndi ma TV a kumeneko. Ndiye kuti ukatswiri wanga wonse wa ku Ndirande ndinaupeza pa gemu yoyenda mwaulesi.

Chala chija ndinachitsitsa n'kuchilowetsa m'thumba.

Kenako mkuluyo anafukula m'katoni magazini yakale ya ku Japan, n'kutsegula tsamba lina. Kadazi uyo, mkanjo wake, ndodo yake, atagwada pakafano. Tadala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ine ndinapepesa kawiri, n'kugula gemuyo pamodzi ndi makina ake, poti panalibe njira ina yotulukira pakhomo mwaulemu.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba, n'kuwoloka mtsinje. Kenako Tadala anati, m'Chingerezi, "Ndiye Kadazi atafika ku America anamusintha dzina, zovala ndi chakudya."

"Eya."

"Ngati inuyo kuntchito."

Sananame. Kuntchito dzina langa analidula n'kutsala zilembo zitatu, ndimavala yunifolomu yamaluwamaluwa, ndipo masana ndimadya sangweji nditaimirira. Titaima pamaloboti Tadala anayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja, kenako anati, m'Chichewa chake chopindikapindika, "Koma nyimbo ndi yomweyo, adadi."

Chaka chonsecho ndinali ndisanamumve akumaliza chiganizo m'Chichewa. Ndinayang'ana kunja kwa windo mpaka wa kumbuyo anaimba huta.

Gemuyo Tadala anaimaliza m'masabata awiri, osagwada paliponse. Ine sindinapitirirepo gawo lachitatu. Ndikudziwa kuti kafano anachotsa, anandiuza pamaso pa anthu ndipo ndinamva. Komabe m'nyumba mukakhala mulibe munthu ndimayatsa makina aja, ndikafika pabini paja ndimagwada, n'kuwerenga mpaka twente.