Ba Bouchta ndi Nkhondo ya Bowo Limodzi

Mumsika wa mafoni wa Derb Ghallef munalibe munthu wodana ndi mtendere ngati malemu Ba Bouchta. Mkuluyu ankagulitsa matchaja, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti foni iliyonse iyenera kukhala ndi bowo lakelake lotchajira, monga khomo lililonse lili ndi kiyi wake. Ine Mbarek ndinayandikana nawo shopu kuyambira ndili ndi tsitsi, ndipo sindikubisirani: anali munthu wamwano, wamakani, wokakamira ngati nkhupakupa.

Kale anali mfumu. Foni ikakuthimira unkapita kwa iwo utapinda manja. Zingwe zinkalendewera kudenga, za mitu yaphwanthiphwanthi, yozungulira, yamano, ina yonga singano. Iwo osafulumira ayi. Ankayamba amwa kaye tiyi, kenako n'kusuzumira kunsi kwa foni yako ngati akusankha nkhosa ya Idi.

"Tchaja yake unataya kuti?"

"Ndinabwereka mlamu wanga, Ba Bouchta."

"Ndiye kagule kwa mlamu wakoyo. Choka, ukunditchingira mphepo!"

Kenako ku Ulaya anakhazikitsa lamulo loti mafoni onse atsopano azikhala ndi bowo lofanana. Katundu wathu wambiri amachokera komweko, choncho posakhalitsa msika unadzaza ndi chingwe chimodzi cholowa paliponse. Ine ndinaoda, anthu n'kumagula. Ba Bouchta analumbira kuti chinthucho sichidzaponda m'shopu mwawo, ndipo kuyambira tsikulo ndinasanduka mdani wawo wamkulu.

"Mbarek, iwe wogulitsa michira ya makoswe! Azungu akadzati tonse tizivala nsapato za saizi imodzi, udzadula zala?"

"Imwani tiyi, akulu. Makasitomala anu onse awiri adutsa kale."

"Chingwe cholowa m'foni ya aliyense, chili ndi khalidwe chimenecho? Ungachisiye m'nyumba muli mkazi wako?"

Anafika mpaka kwa imamu kukapempha kuti Lachisanu alalikire motsutsa bowolo. Imamu anamvetsera mwaulemu ndithu, koma nkhani ili mkati foni yake inalira kuti moto watha. Atafunsa ngati pali amene ali ndi chingwe, theka la mzikiti linapisa manja m'matumba. Ba Bouchta anasamukira kumzikiti wina wakutali, ndipo ankapitako wapansi ndi bondo lawo lotupalo, dala, kuti tizimva chisoni. Ine sindinamve.

Shopu yawo inkauma tikuona. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ghizlane, yemwe amakhala ku Belgium, anawatumizira foni yatsopano kuti azionana nkhope akamacheza. Anaitembenuza, kuona bowo lake, n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo logwedera. Anakakamira kafoni kawo kakalekale, ka bowo loti ngakhale ife akale sitinkalidziwa, ndipo batire anaimatiramo ndi guluu kuti mbava zisawasinthire. Nambala ya Ghizlane sanapatse munthu. "Msika uno ndi wa afisi okhaokha," ankatero, maso ali pa ine.

Anamwalira m'mawa wina ali pampando wawo, ali mkati mokalipira munthu amene anangofunsa njira. Kwathu kuno maliro sagona: swala, pemphero lathu la masana, ikatha, munthu ulendo wa kumanda. Akazi awo anatsogola kale, wachibale wina sitinkamudziwa, ndipo Ghizlane anayenera kumva bambo ake asanakwiriridwe. Nambala inali m'kafoni kaja, kafoniko katathima, tchaja yake osaoneka.

Tangoganizani, msika wathunthu wa akatswiri a mafoni! Tinagwetsa zingwe zonse za kudenga zija, amuna akuluakulu kugwada pansi, kumasula mfundo, kuyesa ichi, kuyesa icho.

"Chalowa!"

"Chalowa kuti? Ukuthyola iwe, bweretsa kuno!"

"Tingokaswa basi."

"Ndi guluu ameneyu? Uswa ndi nambala yomwe!"

Kuitana kwa swala kutamveka tinasiya zingwe pansi n'kukanyamula mkuluyo. Ndinaponya dothi m'manda mtima ukuwira. Makani a munthu mmodzi, mwana osatsanzika bambo ake!

Zovala za malemu timapereka kwa osauka. Patapita masiku, wopemphapempha wa pageti la msika anaima pashopu panga atavala mkanjo wa Ba Bouchta. Anapisa dzanja m'chipewa cha kumsana kwa mkanjowo, mmene achikulire amasungamo mtedza ndi makiyi, n'kutulutsa kachingwe kakuda kokulungidwa bwinobwino.

"A Mbarek, ndapeza aka. Mugula?"

Ndinakalowetsa, kafoni kaja n'kuyaka. Ndinafufuza dzina la Ghizlane n'kuimba, ndipo anayankha kusanalire kawiri.

"Baba! Makani amenewa mpaka liti? Ndakhala ndikuimba masiku onsewa! Mwadya koma?"

Ine amene ndinazolowera kukalipirana ndi bambo ake, ndinatsitsa mawu.

"Ndine Mbarek, mwana wanga, wa shopu yoyandikana."

"A Mbarek? Amene Baba amangokunenani nthawi zonse tikamacheza?" Anaseka pang'ono, kenako kuseka kuja kunaduka. "Bambo anga ali moyo sangakupatseni foni imeneyo."

Ba Bouchta sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo musandiuze zoti wakufa sanenedwa. M'shopu mwawo tsopano muli munthu waulemu wogulitsa zikwama za mafoni, amene amandipatsa moni n'kundifunsa za ana. Anthu amabwerekana matchaja osayang'anana n'komwe, aliyense kutchaja, aliyense kupita. Mtendere wake ndi wotopetsa zedi. M'mawa uliwonse ndimatsegula chitseko mayankho ali okonzeka kale pakamwa, koma woyamba ndewu palibe.