Mchira wa Linki ndi Ndowa ya Gelesomu

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wina akakuuzani kuti ndi wamakedzana musalimbane naye. Mwini wake wa nkhaniyi ine ndinkasoketsa zovala kwa iye.

Ku Mponela kunali telala wina, Gelesomu, munthu woti ukamamulozera njira amati "ndikudziwa" usanatambasule n'komwe mkono. Khalidwe limeneli linatopetsa mkazi wake Esinati, mpaka anabwerera kwawo ku Ntchisi. Patatha miyezi itatu Gelesomu anali ataonda ndi chisoni, pakuti mkaziyo ankamukonda ndithu. Amalume a Esinati, a Kamzingeni, anamuimbira foni.

"Apongozi ako akutsokomola. Ubwere Loweruka ndi uchi, udzapepese. Ukalephera apa, ukwati watha."

Nyengo imeneyo uchi weniweni unkasowa. Mlongo wake Lonile, wopanga makandulo, anamutumizira pa foni linki ya tsamba la pa intaneti la gulu lina la alimi a njuchi, kumene iye ankagula katundu wake.

Tsono mudziwe kuti linki ina imakhala ndi mchira. Chakumapeto kwake kumakhala kachizindikiro konga kampanda, #, ndipo mawu otsatira pamenepo amauza tsambalo kuti lisefe: lionetse ichi, libise icho. Linki ya Lonile inkathera ndi #katundu=phula, poti ndimo ankaitsegulira masiku onse.

"Achimwene, musanagule mundiimbire," anatero Lonile. "Pali choti muchotse kumapeto kwa linkiyo."

"Iwe usandiphunzitse foni. Ndikudziwa."

Tsamba linatseguka. Munali zithunzi za ndowa zotsekedwa bwino, pansi pake atangolemba giredi ndi makilo. Mtengo wake unali theka la mtengo wa uchi pamsika. Gelesomu anaseka yekha, nati anthu a pa Mponela ndi akuba. Pamwamba panali kabatani kolembedwa kuti "Chotsani sefa". Anakayang'anitsitsa, napukusa mutu.

"Akufuna ndidine apa kuti mtengo ukwere. Ine ayi."

Anasankha ndowa ya makilo asanu. Posakhalitsa mayi wa ku gululo anaimba.

"Bambo, ndinu atsopano kwa ife. Kodi ndi za makandulo kapena za polishi?"

"Ndi za apongozi. Tumizani, musandichedwetse."

Mayiyo sanalimbane naye, anatumiza. Ndowa inafika Lachisanu pa minibasi. Gelesomu anaigwedeza, osamva kanthu kakuyenda mkati, ndipo mtima unakhala pansi. Uchi wothira madzi ndiye umakhuchumuka, anatero. Kutsegula sanatsegule, kuti apongozi akaone okha kuti sanalaweko.

Loweruka anakhala pamkeka, ndowa patsogolo. Apongozi aakazi anatuluka akutsokomola, supuni ili m'manja. Esinati anaima pakhomo, ndipo kuseri kwa miyendo yake Gelesomu anaona chikwama chomangamanga kale. Mkaziyo anali wokonzeka kubwerera naye.

A Kamzingeni anatsegula ndowa. Apongozi anapisa supuni, ndipo supuni inalira ngati yagunda thabwa.

"Kodi ichi n'chiyani, mkamwini?" anafunsa a Kamzingeni.

Apa, ana inu, ndi pamene ndimamvera chisoni. Akanangoti "ndalakwitsa", anthu akanaseka, nkhani n'kutha. Koma pakamwa pozolowera sipamva.

"Ndi uchi wamakono, wouma. Ndikuudziwa."

Anatulutsa mpeni, nadula chibenthu, naponya m'kamwa. Anatafuna. Anatafunabe. Chinthucho sichinkasungunuka, sichinkamezeka, chinangomata mano. Misozi inalengeza, iye n'kumagwedeza mutu ngati chikukoma.

"Bambo a kunyumba," anatero Esinati motsitsa mawu, "musanagule, munafunsako munthu?"

Gelesomu anayesa kuyankha, nsagwada zinakana.

"Phulali ndikanakhululuka," anatero Esinati. "Koma ndinu yemwe uja."

Ananyamula chikwama chija, nalowa nacho m'nyumba, natseka chitseko.

Mawa lake Lonile anatenga foni ya mchimwene wake, nafufuta mchira wa linki uja, kuyambira pa kampanda. Tsamba lonse linadzaza uchi, wa m'mabotolo, wa m'ndowa, wina wochokera kufupi ndi mudzi wa Esinati. Gelesomu anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka, koyamba m'moyo wake, anafunsa.

"Ndikagula tsopano, angandilandire?"

"Mwachedwa, achimwene," anatero Lonile. "Koma ndowayo ndipatseni, ndipangire makandulo."

Esinati sanabwererenso. Dzina loti Gelesomu linafera pomwepo, ndipo anthu pa Mponela akamuona ataweramira makina ake yekhayekha, amakodolana n'kunena kuti: Safunsa anadya phula.